Rimu Imene Mayi Ayi Anakhalira

Apongozi anga anthu amawatchula kuti Mayi Ayi. Dzinali sanawapatse adani, anawapatsa makasitomala awo omwe, ndipo akaitanidwa nalo amayankha bwinobwino. Mukafika pamsewu wa magalaja, cha kumene phula limathera, n'kufunsa kuti owongola marimu ali pati, aliyense adzakulozerani shedi ya malata yopanda chikwangwani. Ena amawonjezera kuti, "Koma ngati yang'aluka musadzivute. Akakuuzani kuti ayi, ndipo sakakupatsani ngakhale mpando."

Za mpandozo ndi bodza. Mpando amapereka.

Rimu ndi chitsulo chozungulira chija chimene amavekapo tayala la galimoto. Ine ndinalowa m'banjali ndisakudziwa kuti munthu angathe zaka makumi atatu akuyang'ana chinthu chimenecho osatopa nacho. Tsiku limene amuna anga anakandionetsa kwa mayi awo ndinavala diresi yoyera, ndikuganiza kuti tikakhala pabalaza. Tinawapeza atagwada pansi m'shedi, atavala ovololo yopinda m'miyendo, akuzunguza rimu pamakina, diso limodzi atatsinzina. Sanadzuke. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti, "Mwana wanga, khala patali ndi girizi uyo. Iwe, mpatse mnzako pokhala, waima ngati mlonda bwanji?" Amene ankamutchula kuti iweyo anali mwana wawo woyamba, bambo wa ndevu zake, wogulitsa magalimoto ochokera kunja.

Ntchitoyi sanaiphunzire kusukulu. Amuna awo anali oumba mapoto a aluminiyamu kuseri kwa msika. Ankagula zidutswa za injini, mapoto obooka ndi marimu otha ntchito, n'kumazisungunula pang'anjo, kenako n'kuthira m'zikombole za mchenga. Ntchito ya apongozi inali yophwanya zitsulozo ndi chinyundo kuti zikwane mumphika wosungunulira. Anagwira chinyundo chimenecho zaka khumi ndi zinayi, mimba zitatu akuphwanyira pomwepo. Amati marimu ambiri sankavuta. Ukamenya kawiri katatu, phwaa, yasweka ngati mbale yadothi, m'kati mwake muli mokhakhala ngati shuga wonyowa, pena timabowo ta mpweya.

Tsiku lina anakumana ndi rimu yokana kusweka. Inali yopepuka kuposa zinzake, masipoko ake owonda, moti anaiderera. Anaimenya kamodzi, chinyundo chinadumpha. Anaimenya mpaka thukuta kulowa m'maso. Inkangopindika n'kumalira ngati belu, koma kusweka ayi. Amuna awo anati aitaye, iwo anakana. Anaisenza pamutu mpaka kugalaja ina yaikulu kumene kunali makaniko wokalamba, n'kukamufunsa kuti chinthuchi anachithira mankhwala anji.

Mkuluyo anaseka, koma anawafotokozera. Anati marimu a aluminiyamu alipo a mitundu iwiri. Ena amathira, monga mmene amuna awo ankathirira mapoto: kusungunula, kuthira m'chikombole, kudikira kuti zizizire. Ena amasula. Amatenga chipika cha aluminiyamu osachisungunula, n'kuchitenthetsa, kenako makina olemera kuposa nyumba n'kuchipanikiza mpaka chitsulocho chigwirane ngati mtima wa mtengo, ndiye n'kuchisema. Yothira imafunika ikhale yonenepa kuti ilimbe, n'chifukwa chake imalemera, ndipo ikapanikizika imang'aluka. Yosula imakhala yowonda, yopepuka, ndipo kawirikawiri imayamba yapindika isanaganize zosweka.

"Kuyambira tsiku limenelo," apongozi amatero, "rimu iliyonse yobwera pabwalo paja ndinkayamba ndaitembenuza ndisanaimenye. Bambo ako ankati ndikuchedwetsa ntchito."

Utsi wa ng'anjo unawadya m'chifuwa amuna awowo, ndipo anamwalira ana akadali kusukulu. Apongozi sanapitirize za mapoto. Galaja yaikulu ija itatsekedwa, anagula makina ake akale owongolera marimu, n'kuwakokera pangolo mpaka pamsewu umene ali lero. Achimwene awo, amene amuna anga amawatchula kuti amalume, anabwera kudzawaletsa. Anati ntchito imeneyo ndi ya amuna, apeze benchi pamsika azigulitsa zovala ngati azimayi anzawo. Amakaniko a pamsewupo ankabwera dala ndi marimu ophwanyikiratu kuti adzaseke. Apongozi ankawayang'ana marimuwo mofatsa, n'kuwabwezera eni ake, n'kupitiriza zimene akuchita. Patatha zaka ziwiri, amakaniko omwewo ndi amene ankawatumizira makasitomala.

Lamulo lawo linali limodzi. Rimu yopindika amawongola. Yong'aluka pa sipoko kapena pafupi ndi mabowo a manati, sawotcherera. Anzawo a pamsewupo amawotcherera chilichonse, n'kupala, n'kupaka penti, rimu n'kumawala ngati yatsopano. Iwo amati, "Mng'alu sunapite kulikonse. Wangouveka malaya. Munthuyo anyamula ana ake, athamanga, ndiye mng'aluwo udzavulira malayawo pakona." Anthu awachondererapo, awaopsezapo, wina mpaka anawagwadira. Yankho silinasinthepo.

Chaka chimene mwana wathu wachiwiri anayamba sukulu, amuna anga anaitanitsa galimoto yaliwiro yachikasu, ya zitseko ziwiri, yotsika moti polowa umachita kukhala ngati ukukhala pamphasa. Itangofika anapita nayo kwa mayi awo kukanyadira, ine ndili momwemo. Msewu wonse unasiya ntchito. Anthu ankazungulira kutsogolo, ena akusuzumira m'kati, koma apongozi anangopita patayala, n'kugwada, n'kulowetsa dzanja kuseri kwa masipoko.

"Eee," anatero. "Uyu ndiye wamkulu."

Pobwerera kukakhala anandifotokozera, chifukwa anaona kuti sindinamve. Anati magalimoto amenewa fakitale imawatulutsa atatu, thupi lofanana, ngati ana a mimba imodzi. Wamng'ono amavala marimu othira, ochepa, a masipoko onenepa. Wapakati amavalanso othira, koma akuluakulu, ndipo anawapanga motengera maonekedwe a mkulu wake, masipoko khumi, mtundu wotuwa womwewo. Wamkulu ndi amene amavala osula. Akumbuyo ndi otambalala kuposa akutsogolo, ndipo masipoko anawakhotetsa kuti asakhudze mabuleki, poti mabuleki a wamkuluyo ndi aakulu. Ukaima patali, a wapakati ndi a wamkulu ali ngati mapasa. Koma ukagwira kuseri, yothira imakhala yokhakhala, ndipo zilembo zake ndi zotukuka chifukwa zinatuluka m'chikombole. Yosula imakhala yosalala, ili ndi timizere ta makina osemera, zilembo zake zochita kudinda.

Patatha sabata imodzi, ndikuchokera kumsika, ndinapeza zinthu zinayi zozungulira zitakulungidwa m'mabulangeti, zitaunjikidwa pakona m'chipinda cha ana. Nditafunsa, amuna anga anati ndi katundu wa munthu, adzatenga. Ndinafunyulula pang'ono, ndinaona masipoko otuwa, ndinafunditsanso. Galimoto yachikasu inali panja, itavala marimu ake otuwa monga kale. Sindinafunsenso. Ndisanama, ndinadziwa kuti pali china chake, koma ndinasankha kusadziwa.

Galimotoyo inagulidwa ndi dokotala wa mano, bambo wamfupi wa zaka za m'ma fifite, woyankhula ngati aliyense ali pampando wake atayasamula. Anali m'gulu la anthu a magalimoto aliwiro amene kamodzi pamwezi, Loweruka, amakathamangitsana pabwalo lakale la ndege kunja kwa tauni. Anaigula chifukwa inali yaikulu ija, ya marimu osula, ndipo mapepala ankanena zomwezo. Atayenda nayo masabata atatu anagwera m'dzenje la pamsewu, chiwongolero chinayamba kunjenjemera. Anaimbira amuna anga. Iwo anathamangira komweko, anamasula tayalalo, n'kumuuza kuti asadandaule, rimu yangopindika, akaiwongoletsa kwa amayi.

Linali Lachiwiri m'mawa. Ine ndinali kushedi chifukwa ndinkawapititsira apongozi mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi. Amuna anga anafika akugubuduza rimu, tayala atachotsa kale, akumwetulira kwambiri.

"Amayi, kantchito kakang'ono aka. Mungowongola pang'ono, mupakepo kapenti."

Apongozi anaitsuka ndi madzi a sopo, n'kuitembenuza. Anayendetsa chikhadabo kuseri kwa sipoko imodzi, chikhadabocho chinakodwa. Anabwerezanso, chinakodwanso pomwepo.

"Yachokera pagalimoto iti?"

"Yachikasu ija."

"Yachikasu ija ndinaigwira ndi manja angawa. Sinavale izi."

"Mwina simunaonetsetse, amayi, tsiku lija kunali anthu ambiri."

"Iyi ndi ya wapakati. Yothira. Ndipo taona apa pamene pakhula, munaika mawashala, tizitsulo totalikitsa rimu, kumbuyo kuti isagunde mabuleki. Unamanga wekha kapena unatuma munthu?"

Amuna anga anayang'ana kwa ine, kenako kumsewu. Anatsitsa mawu. Anati panapezeka munthu wina amene ankafuna marimu osula okhaokha, ndiye anaganiza kuti dokotalayo sangasiyanitse, poti amangodziwa mano. Anati palibe amene wafa.

"Yang'aluka," apongozi anatero. "Mng'alu wayambira pasipoko, watsala pang'ono kufika pabowo la nati."

"Ndiye mungowotcherera. Kamodzi kokha. Loweruka akufuna akathamange nayo, ikadutsa sabata ino ndiona chochita."

"Ayi."

"Amayi, ndine mwana wanu."

"Ndikudziwa. Ndinalipo."

Amuna anga anapsa mtima. Anati pamsewu uno owotcherera ndi ambiri, si iwo okha, apita nayo pa shedi yachitatu apo ndipo ikhala itatha nkhomaliro isanakwane. Anawerama kuti ainyamule. Apongozi anaigwetsa chafufumimba pansi ndi phazi, anakonza ovololo yawo, n'kukhalapo. Anandiuza kuti ndiwapatsire madzi amwere mapiritsi.

"Amayi, tadzukani."

"Ndinyamule."

Amuna anga ndi munthu wamphamvu, koma palibe mwamuna amene anganyamule mayi ake pamsewu wa magalaja masana, amakaniko akuonerera. Anazungulira shediyo kawiri, anayankhula zambiri, zina zosayenera kuzibwereza. Apongozi anameza mapiritsi, n'kuitanitsa rimu ina ya minibasi kuti aziyang'ana ali chikhalire. Pamapeto pake amuna anga anakwera galimoto yawo n'kuchoka, ine kundisiya pomwepo.

Dokotala anafika cha m'ma thuu koloko. Anaimbira amuna anga kangapo osayankhidwa, ndiye anafunsira njira. Anatsika m'galimoto ya mkazi wake, n'kupeza mayi wachikulire atakhalira rimu yake.

"Mayi, mukudziwa chimene mwakhaliracho? Imeneyo si rimu ya minibasi. Ndi yosula, yochokera nayo kufakitale."

"Adokotala, khalani pampando apo. Inu mutandiuza kuti dzino langa labooka, sindingakutsutseni. Rimu iyi ndi yothira."

Dokotala anaseka. Anatulutsa foni, n'kuwaonetsa zithunzi ndi zolembedwa za kufakitale, akuwerenga mokweza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana. Apongozi anamusiya mpaka anamaliza. Kenako anamufunsa ngati pazolembedwapo anenapo kulemera kwa rimu yakutsogolo. Anati inde. Iwo anadzuka, anaikoleka rimuyo pasikelo yolendewera padenga, n'kumuuza kuti awerenge yekha. Inapitirira ndi makilo pafupifupi atatu.

"Sikelo yanuyi ndi yakale."

"Ndi yakale, eya. Bweretsani dzanja." Anamugwira dzanja lake lofewalo n'kulilowetsa kuseri kwa masipoko. "Mukumva kukhakhala? Zilembozi mukuzimva kuti zatukuka? Tsopano ikani chikhadabo apa."

Chikhadabo cha dokotala chinakodwa mumng'alu. Nkhope yake inasintha, koma sanafune kugonja msanga. Anati yosula nayonso ingang'aluke. Apongozi anavomera kuti ingathe. Ndiye anamuuza kuti rimuyo ndi yakufa kale, siidzakweranso pagalimoto iliyonse, ndipo ngati alola, aimenya ndi chinyundo kuti aone m'kati. Dokotala anati menyani. Mayi wa zaka sikisite anakweza chinyundo chija. Kachitatu, sipoko inathyoka n'kugwera uko. Anatola chidutswacho n'kumupatsa. Pothyokapo panali pokhakhala, potuwa, ndi timabowo tiwiri tooneka ndi maso.

Dokotala anakhala pampando uja tsopano.

"Wasintha ndani?"

"Kafunseni amene anakugulitsani."

"Si mwana wanu ameneyo?"

"Ndi mwana wanga. Rimuyo ndi yothirabe. Ndipo atatu otsalawo musapite nawo kubwalo la ndege. Paokha si oipa, pagalimoto yawo amayenda bwinobwino. Koma apa anawakakamiza ndi mawashala, manati sakugwira mokwanira. Mukapita nawo, ndidzabwera ndekha kudzagona kutsogolo kwa galimotoyo."

Dokotala anachoka ndi chidutswa chija m'thumba. Madzulo ake anatumizira amuna anga uthenga woti akuwapatsa mpaka Lachisanu. Marimu ake akapanda kupezeka, nkhani ipita kupolisi.

Lachinayi banja linasonkhana. Amalume anati tikumane kunyumba kwa apongozi, apongozi anati sangatseke shedi chifukwa cha nkhani imene sanaiyambe, ndiye tonse tinakakhala pamatayala akale ndi pamabenchi, makina akulira pashedi yoyandikana. Panali amalume, alamu anga awiri, amuna anga ndi ine. Amuna anga anali atasintha nkhani. Tsopano ankati marimuwo ayenera kuti anasinthidwa panjira, galimoto isanafike m'manja mwawo, ndipo iwo sakudziwapo kanthu. Chimene chinkafunika n'choti amayi akauze dokotala kuti tsiku loyamba lija sanaonetsetse.

"Achemwali," amalume anayamba, "palibe amene akuti munama. Koma munthu akakula maso amachepa mphamvu. Mukangonena kuti mwina munalakwitsa, nkhani yatha. Mwanayu ali ndi banja, ali ndi dzina m'tauni muno."

"Achimwene, magalasi mwavalawo ndi anu. Ine ndimatunga singano popanda chilichonse."

"Si nkhani ya singano iyi."

"Ndi nkhani ya maso anga. Ndinene lero kuti maso anga atha, chifukwa choti wolakwa ndi wanga. Mawa kubwere dalaivala wa minibasi ndi rimu yong'aluka, ndimuuze kuti ayi, iye adzati chiyani? Adzati mayi aja amaona akafuna."

Alamu anga aang'ono anayamba kulira. Anati amayi amakonda zitsulo kuposa ana awo, kuyambira kale, ngakhale tsiku la mphoto kusukulu ankabwera ndi manja akuda. Apongozi anatembenukira kwa iwo.

"Manja akudawo ndi amene anakufikitsa pamphotopo. Lira, ukamaliza undiuze kuti dokotala uja akanagubuduzika Loweruka, ukanapita kumaliro utavala chiyani."

Amalume anaimirira, anati ngati zili choncho iwo asamba m'manja, ndipo mlongo wawo asadzawaitanenso pa vuto lililonse. Apongozi anati, "Muyende bwino, achimwene. Pochoka musaponde chingwe cha magetsi icho." Amuna anga ananena kuti kuyambira lero alibe mayi. Apongozi anayankha kuti zimenezo sizili m'manja mwake, zinachitika kale.

Apongozi anandiyang'ana kamodzi kokha. Ankadziwa kuti marimu anayi sangabisike m'nyumba mkazi osadziwa. Akanatha kundifunsa pamaso pa onse, ndipo sindikudziwa chimene ndikanayankha. Sanandifunse. Anthu atabalalika anangondiuza kuti, "Pita ukawalandire ana, sukulu yaweruka." Ndinanyamuka n'kumapita. Akanandikalipira bwenzi ndili ndi pobisala, ndikanati apongozi ndi ovuta. Koma anandisiya ndekha ndi zimene ndinkadziwa.

Lachisanu m'mawa amuna anga atangotuluka, ndinaitana bambo wina wa ngolo amene amatinyamulira makala. Ndinalowa m'chipinda cha ana n'kugwira rimu yoyamba ndi manja awiri, nditakonzeka kuti indithyole msana. Inanyamuka ngati beseni lopanda madzi. Tinakweza onse anayi ali m'mabulangeti momwemo, ine n'kumatsatira ngoloyo pambuyo, kudutsa pamsika, kudutsa pamalo okwerera basi, anthu akundipatsa moni ine osawaona n'komwe.

Apongozi anafunyulula bulangeti limodzi, analowetsa dzanja kuseri kwa masipoko, n'kugwedeza mutu.

"Mabulangeti a adzukulu anga mwawadetsa," anatero. Kenako anati, "Wadya kanthu?" Ndinati ayi. Anandigawira buledi wawo ndi tiyi wa m'fulasiki. Tiyi wina ndinamutayira pansi, iwo anachita ngati sanaone.

Apongozi anaimba mafoni awiri. Anauza dokotala kuti abweretse galimoto pa lole, asaiyendetse. Kenako anauza mwana wawo mawu ochepa: "Marimu a eni ake ali kuno. Bwera ndi jeke wako udzamange."

Sindinkayembekezera kuti abwera, koma anabwera, atavala shati yoyera ndi nsapato zosongoka. Atandiona nditakhala pafupi ndi mabulangeti, anaima kaye. Anati aitana makaniko wa pafupi adzamange, apongozi anati amene anamasula ndi amene amange. Anagwada pafumbi. Anachotsa marimu othira aja limodzilimodzi pamodzi ndi mawashala ake, wa matayala wa pashedi yoyandikana anasamutsa matayala, ndiye iwo n'kumanga osula, otambalala kumbuyo, enawo kutsogolo. Apongozi anaima pambuyo pawo ndi sipanala yawo yoyezera kulimba kwa manati, n'kumabwereza nati iliyonse. Dokotala anaima poteropo atapinda manja. Msewu wonse unali ndi ntchito yofunika kuchitira pafupi ndi shedi yathu tsiku limenelo.

Atamaliza, shati ili bii, amuna anga anauza dokotala kuti panali kusamvetsetsana pang'ono ndi anyamata awo a ntchito.

"Ulibe anyamata a ntchito," apongozi anatero.

Kenako amuna anga anati, "Ndinasintha ndine. Pepani."

Dokotala sanapite kupolisi, koma pakamwa sanatseke. Pofika Loweruka gulu lonse la kubwalo la ndege linali litamva. Kwa miyezi yambiri amuna anga sanagulitse galimoto kwa munthu aliyense wa m'gulu limenelo, ndipo munthu uja amene ankadikira marimu osula anawatukwana pafoni mpaka batire kutha. Kunyumba sanandiyankhule mwezi wathunthu. Akafuna malaya ankauza mwana kuti auze mayi ake. Tsiku lina anandifunsa kuti ndine mkazi wa ndani, wawo kapena wa amayi awo. Ndinayankha kuti ndine mayi wa ana amene ankagona ndi katundu wakuba kumutu kwa bedi. Sitinakambiranenso. Banja silinathe, koma linatsimphina nthawi yaitali, ndipo sindinganene kuti ndinalibe masiku odandaula kuti ndinaitaniranji ngolo ija.

Kwa mayi awo amuna anga sanapondeko chaka chimodzi ndi miyezi inayi. Apongozi sanatume munthu. Ana ankapitabe Loweruka, n'kumabwera atadetsa zovala. Ndinawafunsapo ngati sakumusowa mwana wawo. Anati, "Tsiku lililonse. Galimoto ikaima panja apo ndimadzutsa mutu. Koma njira akuidziwa, sinasunthe."

Anthu a magalimoto aliwiro aja anayamba kubwera ndi marimu awo, ena kudzawongoletsa, ena kungofuna kuti Mayi Ayi agwire kuseri awauze zoona asanagule. Theka la iwo ankabwerera akung'ung'udza. Dokotala anakhala ngati mnzawo, ngakhale kuti amakangana nthawi zonse. Anawapempha kangapo kuti apite akawaone mano, iwo amati mano awo sanagwere m'dzenje lililonse.

Amuna anga anabwerera masana ena opanda chifukwa. Ine sindinalipo, anandiuza ndi wa matayala uja. Akuti anaimika galimoto, anatsitsa rimu m'buti, n'kuiika patsogolo pa mayi awo popanda moni.

"Wogulitsa akuti ndi yosula."

"Uli ndi manja. Gwira."

Anagwira. "Yothira."

"Nanga wabweretseranji?"

"Ndimati mundiuze inuyo."

Akuti apongozi anaitembenuza rimuyo nthawi yaitali kuposa mmene amachitira, nkhope atayang'anitsa kumbali. Kenako anati, "Wawonda. Mkazi wako sakukuphikira, kapena ukunyanyalabe?" Zinathera pomwepo. Za galimoto yachikasu sanazitchulenso awiriwo mpaka lero. Amalume okha ndi amene akadakwiyabe, ngakhale kuti rimu ya galimoto yawo itapindika chaka chatha anaitumiza kudzera mwa mkamwini wawo, atamulangiza kuti asanene mwini wake. Apongozi anaizindikira, anaiwongola, n'kuuza wotumidwayo kuti akawauze achimwene achepetse kukwera miyala ya m'mbali mwa msewu.

Panopa apongozi ali ndi zaka sikisite eyiti. Zala zimatupa m'mawa, ndipo alamu anga akhala akuwanyengerera kuti asiye ntchito akakhale kwa mmodzi wa iwo, kuli chipinda cha matailosi ndi wailesi yakanema. Iwo amafunsa kuti kumeneko azikawongola chiyani.

Mwezi watha kunabwera anthu a kukhonsolo ndi chitini cha penti yofiira. Akufuna kukuza msewu, ndipo shedi iliyonse imene yalowa m'malire anailemba chizindikiro kuti ichoke. Ya apongozi anailembanso. Anzawo ayamba kale kuzula malata. Iwo anadikira kuti anthuwo apite, anapempha wa matayala kuti awagwirire chingwe, n'kuyeza okha kuchokera pakati pa msewu mpaka pamzati wawo woyamba. Akuti shedi yawo ili kunja kwa malirewo ndi mita imodzi ndi theka, ndipo wolembayo sanayeze, anangoyenda ndi burashi. Alembetsa kalata, aisindikiza katatu. Amuna anga anawauza kuti ndi boma limenelo, sangalimbane nalo. Iwo anati sakulimbana ndi boma, akulimbana ndi munthu waulesi mmodzi amene ali ndi burashi.

Lolemba akupita kuofesi ya khonsolo, ndipo akuti sakachokako mpaka wina atanyamuka pampando kudzayeza nawo. Andiuza kuti ndikawapeze pageti seveni koloko, ndivale nsapato zafulati chifukwa mwina tikaima tsiku lonse, ndiponso ndinyamule maambulera awiri.